Bashikulu Daka ndi Njira ya ku Mathithi

Pamaliro a Bashikulu Daka mwezi watha ndinatsinidwa kawiri, ndipo kachiwiriko wonditsina anali mayi anga. Mlandu wanga unali kuseka. Ba Mwale, mlembi wa komiti ya kumpingo kwathu ku Mtendere, anaima pafupi ndi bokosi atavala jekete lawo la pamaliro, nauza anthu kuti malemu anali munthu wa maso akuthwa, woti njoka yobisala mu udzu ankaiona ali kutali. Azimayi anavomera chapansipansi. Ine mpweya unandithawira m'mphuno.

Zoona zake ndi izi. Zaka zitatu zomaliza za moyo wawo bashikulu sankaona. Kuwala ankakuzindikira, chithunzithunzi cha munthu chikadutsa ankachidziwa, basi. Komabe anapitiriza kutsogolera ana a mpingo m'nkhalango kupita ku mathithi chaka ndi chaka, ndipo mu Mtendere monse odziwa tinali awiri, iwo ndi ine. Akanadziwika akanalandidwa ulendowo, ndipo kupatula ulendowo sindikudziwa china chimene ankadzukira m'mawa. Anandiuza kuti nditseke pakamwa mpaka atawaika. Awaika. Ndiye ndilembe.

Sanali agogo anga. Mukomboni nkhalamba iliyonse timaitchula bashikulu. Ankakhala okha m'kachipinda kuseri kwa nyumba yathu, munthu wamfupi, wouma ngati chiwala, woyenda ngati wachedwa kwinakwake. Nsapato zawo zinali magambutsi odulidwa m'kakolo. Ndodo yawo inali yachilendo, yopakidwa utoto wofiira ndi woyera mosinthanasinthana, chifukwa inali chidutswa cha mtengo woyezera malo. Ali mnyamata ankagwira ntchito yokoka tcheni kwa anthu oyeza minda, kudula mizere m'tchire mapulazi asanabwere, ndipo mathithi aja anawapeza m'masiku amenewo.

Ntchitoyo inawasiyira matenda owerenga mapazi. Kulikonse kumene ankapita milomo inkagwedera. Mukawapatsa moni ali pakati pa njira ankangokweza dzanja, moni wanu nkudzauyankha atafika pa mzati wa magetsi, inu mutapita kale. Ena ankati ndi matama, ena ankati ndi mankhwala. Ine ndili giredi folo ndinatulukira kuti ukawatsatira kumbuyo nkumafuula kuti seveni, naintini, thuu, handiredi, amasokonezeka. Ankaima, kupuma mozama, kubwerera mpaka pa kantemba, kagolosale ka Ba Lungu, nkuyambiranso. Tsiku lina ndinawabweza katatu. Sindinaleke chifukwa cha chisoni. Ndinaleka chifukwa anaphunzira kusandimva.

Zokamba zawo zinali zochepa ndipo zambiri zinkathera ku madzi. Ankati mwana amene wakula akutunga pa pompi wokhala ndi loko amaganiza kuti madzi ali ndi mwini wake ndiponso nthawi yowerukira, choncho ayenera kuona kamodzi madzi amene palibe amawatseka. Ankati njira sitalika, chimatalika ndi nsapato yatsopano. Ankatinso wofunsa ngati tafika ndiye asenze poto. Liwu loti kutali sindinalimvepo pakamwa pawo. Ku Chipata kunali pafupi. Kumanda a akazi awo kunali pafupi. Ndikukhulupirira kuti mukanawafunsa za ku mwezi akanayamba afunsa nsapato zimene mwavala.

Ulendowo unkachitika Lolemba la Pasaka, mvula itangotha, madzi akadali ambiri. Minibasi ziwiri zinkatitenga pa tchalitchi, kudutsa Chongwe, nkutitsitsa pamene pamakhala azimayi ogulitsa tomato. Kuchokera pamenepo ndi miyendo. Njirayo ndi yofewa, ndinene poyera anthu asanayambe kugwira m'mutu. Ndi ola limodzi mumthunzi wa mitondo ndi misuku, malo ake athyathyathya, kamtsinje kowoloka pa miyala, kenako kutsika pang'ono. Amai Tembo a kwaya anaiyendapo ali ndi mimba yaikulu, chidebe cha vitumbuwa chili pamutu. Malamulo anali atatu: wailesi ayi, nsapato zatsopano ayi, ndipo palibe wodutsa ndodo. Pamphambano iliyonse bashikulu anamangapo tinsalu tofiira tong'amba ku chitenje cha malemu akazi awo, kuti otsalira kumbuyo asasochere.

Mathithiwo musawayerekeze ndi a ku Livingstone. Kutalika kwake ndi ngati khoma la tchalitchi chathu. Madzi amagwa pamwala, nkudumphanso kachiwiri, nkugwera m'dziwe lolekeza m'mawondo. Koma ana a mukomboni akafika koyamba amakhala duu, ngakhale aja amene aphunzitsi anawalephera. Bashikulu ankakhala pa mwala, ndodo itapingasa pamiyendo, nkumaitana ana mmodzimmodzi.

"Iwe mwana wa Banda, waona chani?"

"Naona manzi yambili."

"Manzi yambili yali na mu komboni ya Kalikiliki mvula ikagwa. Yangana futi."

Kamwana kena kanayankha kuti kafunafuna pompi wake koma sikanamupeze, ndipo bashikulu anaseka mpaka kutsokomola. Makolo ankati nkhalambayo ili ndi mphatso ya uphunzitsi. Mwina kale zinali choncho. Zaka zomaliza ankafunsa chifukwa ankafuna kudziwa.

Mkangano wawo ndi Ba Mwale unayamba kalekale pa nkhani ya mabenchi, koma unapsa pamene Ba Mwale anagula foni yokhala ndi mapu. Pamsonkhano wa komiti, umene ndinaumvera pawindo chifukwa ndinatumidwa kusesa panja, Ba Mwale anati zaka za bashikulu zachuluka, ndipo ana a eni ake sangamaperekedwe kwa munthu wodalira nsanza za m'mitengo.

"Ba Daka, tikulemekezani, koma ngati mwagwa mu sanga tizachita bwanji? Masiku yano vintu vonse vili mu foni."

"Foni yanu inayendako ku mathithi?"

"Siifunika kuyenda, iona kuchokela kumwamba."

"Na khwangwala aona kuchokela kumwamba. Mupatseni bana."

Abusa anaweruza mwa ubusa, kuti aliyense atuluke atakwiya pang'ono. Chaka chimenecho Ba Mwale apite nawo. Bashikulu akaphonya njira ngakhale kamodzi, apereke ndodo.

Pa nthawiyo za maso sindinkazidziwa. Sindinalinso mbali ya aliyense. Ndinangoona kuti mayeso opanda msampha si mayeso, ndipo panalibe wina woti akonze msamphawo.

Tsikulo titafika pa kamtsinje pamene timapumira ndi kudya vitumbuwa, ndinapempha Amai Tembo kuti ndipatuke kuthengo. Nditangobisika ndinaliyatsa liwiro. Patsogolo pali mphambano pa mtondo waukulu. Kanjira ka kumanja, kakang'ono, ndiye kotsikira ku mathithi. Ya kumanzere ndi yotakata, yosalala ndi matayala a njinga za ootcha malasha. Ndinamasula tinsalu titatu, nkukatimanga kumanzere motalikirana bwino, mfundo zake zofanana ndi za eni ake. Ntchito yaukhondo. Ndinabwerera nkulandira chitumbuwa changa.

Titafika pa mtondo uja bashikulu anagogoda tsinde ndi ndodo, milomo ikugwedera, nakhotera kumanja.

"Ba Daka, imani!" anatero Ba Mwale. "Muyenda kuti? Nsalu zanu zili uku."

Bashikulu anaima. Anakweza dzanja nkusisita nthambi imene pankakhala kansalu koyamba. Ine ndinkayembekeza kuti ayang'ane kumanzere kumene Ba Mwale ankaloza ndi mkono wonse, koma nkhope yawo inatembenukira kumene kunkachokera mawu, ndipo inaphonya pang'ono.

"Njila ni iyi," anatero.

"Nsalu munamanga mweka zikususani. Bana, mwaziona nsalu?"

Ana anavomera onse pamodzi ngati m'kalasi. Ba Mwale anatulutsa foni. Inalibe netiweki, mapu ake ankangoonetsa kubiriwira kokhakokha ndi kadontho pakati, koma anaikweza m'mwamba ndithu ngati mboni yachiwiri.

"Mwakalamba ba Daka, si mulandu. Tiyeni tonse uku."

"Yendani. Muzatipeza tasamba."

Gulu linagawanika. Ambiri anatsata Ba Mwale ndi njira yotakata, pamodzi ndi mapoto. Kumanja tinapita bashikulu, Amai Tembo amene anati nkhalamba singasiyidwe yokha, tiana tisanu togwira chitenje chawo, ndi ine. Ndinasankha kumeneko chifukwa ndinkadziwa kumene kuli madzi.

Mvula ya chaka chimenecho inali itagwetsa mtengo pakati pa kanjirako, thunthu lonenepa ngati diramu. Dzuwa linali pamutu. Amai Tembo anali atatsalira kumbuyo akuchotsa munga kuphazi la mwana. Bashikulu anayenda molunjika, osachepetsa liwiro, mpaka miyendo inawomba thunthulo ndipo anagwera kutsidya ndi manja. Anadzuka msanga, nafufuza ndodo ndi phazi, nanena mokweza kuti gambutsi laterera. Pamenepo ndinachita zimene wasayansi aliyense akanachita. Ndinaima patsogolo pawo, ndinatulutsa lilime lonse, ndinakoka makutu anga. Munthu amene anandithamangitsapo mpaka kumsika chifukwa chowayankha nditaika manja m'chiuno anangondiyang'ana pamphumi nkunena kuti tiyeni.

Ku mathithi tiana titalowa m'madzi anandiitana pa mwala wawo. Phokoso la madzi linkaphimba mawu athu.

"Iwe Tisa. Nsalu zanga uzazibweza pamene unazichosa."

"Nsalu ziti, bashikulu?"

"Kulibe muntu amachoka kukodza ali wefuwefu monga galu."

"Naimwe kulibe muntu amagunda chimutengo chonse chija muzuba."

Anapingasa ndodo pamiyendo. Magazi ankatsika pamsongolo kulowa mu gambutsi.

"Wauza ndani?"

"Nikalibe kuyamba."

"Ukakamba, Mwale atenga ndodo. Nikakamba, amai bako bakusenda chikumba."

"Manje tichite bwanji?"

"Unkale zii, na ine ninkale zii. Nikafa ukambe, olo pa wailesi."

Tinagwirana chanza ngati anthu ogulitsana mbuzi. Anandiuza kuti manja anga akununkha utomoni wa mtondo, ndikasambe Amai Tembo asanandinunkhize.

A njira yotakata anafika patapita maola awiri. Njira yawo inakathera pa mauvuni a malasha. Eni ake ataona munthu wa jekete, foni m'mwamba, anaganiza kuti ndi a zankhalango nathawira m'tchire, agalu awo okha nkutsala. Pothawa agaluwo gulu linaponda mzere wa linthumbu. Anatipeza potsata nyimbo imene bashikulu analamula kuti tiimbe mokweza. Ana anatulukira akuda ndi phulusa, akulira, akudzimenya m'miyendo. Ba Mwale anafika omaliza, thalauzi lili m'manja, atadzikulunga chitenje chobwereka. Bashikulu sanaone zimenezi, ndipo ndi chinthu chimodzi chokha chimene ndinawamvera chisoni. Ndinawafotokozera zonse m'minibasi, monong'ona, ndi zowonjezera.

Komiti inagamula kuti tinsalu tinasunthidwa ndi ootcha malasha. Ba Mwale analemba ndi dzanja lawo kuti ndodo ikhale kumene ili.

Chaka chotsatira bashikulu analengeza pamaso pa makolo kuti mwana wa Phiri, kutanthauza ine, ndi wosamva kotero kuti lamulo la ndodo alithyola: ndiziyenda patsogolo pawo penipeni kuti azindiona bwino, ndiponso ndivale patapata kuti ndisathawe. Mayi anga anawathokoza ndi mabanzi. Umo ndi mmene tinkagwirira ntchito. Iwo ankasunga njira m'mutu, ine ndinkasunga zimene zasintha. Ankatsata kulira kwa patapata. Ndikakhweresa phazi, pali mwala kapena muzu. Ndikatsokomola, pali nthambi, awerame. Pa kamtsinje ndinkaponda mwala uliwonse mwamphamvu kuti aumve pamene uli.

Mphamvu yotere simungaipereke kwa munthu ngati ine nkuyembekeza kuti aisunga mwaulemu. Pa dambo lina loyera, popanda ngakhale chitsamba, ndinatsokomola katatu. Bashikulu anawerama katatu, ngati mkamwini wolonjera apongozi. Amai Tembo anafunsa ngati msana wayamba. Kachinayi ndodo inandipeza pakatumba, osaphonya ngakhale pang'ono, ndipo anthu anayamikiranso maso awo.

Kamodzi ndinawafunsa kuti amaona bwanji. Anati zili ngati kuyang'ana mu utsi wa mbaula ya malasha onyowa, ndipo utsiwo ukuchuluka. Kuchipatala anapitako kamodzi. Anapatsidwa kalata yoti abwerenso ndi wachibale. Wachibale anali mwana wawo wamkazi wa ku Petauke, amene akanawanyamula tsiku lomwelo kukawakhazika pakhonde, ndiye kalatayo anayatsira moto. Ndinawauza kuti mwina akanachira. Anayankha kuti mwina, nandifunsa ngati ndamaliza homuweki, chimene chinali chipongwe chachikulu pakati pa ife awiri.

Pali tsiku lina limene sindinalimvetse mpaka pano. Pa ulendo womaliza, ana onse atafunsidwa, anandifunsa inenso chimene ndaona. Ndinati madzi achepa kusiyana ndi chaka chatha, ndipo mitengo ya pamwamba pa mathithi yadulidwa, pangotsala zitsa. Anati ndikunama monga mwa masiku onse. Ndinati ayi. Anati ndinene kuti ndikunama. Ndinanena, ndipo anagwedeza mutu nkuitana mwana wina.

Anamwalira m'nyengo yozizira, chifuwa cha masiku anayi. Mwana wawo anabwera, anagawa zovala, ndodo nkuipereka kwa Ba Mwale pamaso pa abusa. Tsiku lotsatira maliro ndinawapeza Ba Mwale akupinda tenti, ndipo ndinawauza zonse, popeza chilolezo ndinali nacho. Anakhala pa benchi.

"Zaka zitatu? Na bana ba bantu?"

"Ee."

"Ngati mwana anagwa mu manzi?"

"Manzi yofika mu nkongono, ba Mwale."

"Iwe, ine nenze na chilungamo. Nenze na chilungamo kuchokela pa kuyamba!"

"Mwenze nacho."

Ndipo analidi nacho, sindikutsutsa. Anayang'ana pansi, kenako anandiyang'ana ine, nkhope ikusintha pang'onopang'ono.

"Nsalu zija."

"Ni ine."

"Nyelele zija zinaniluma mpaka..." Sanamalize. Ananyamuka nkupitiriza kupinda tenti. Patapita kanthawi, osatembenuka, anafunsa ngati njira ndikuidziwa yonse. Ndinati ndimadziwa miyala ndi nthambi, mphambano ankadziwa ndi bashikulu. Anati tidzaona pa Pasaka. Mayi anga sanauzidwebe, ndipo amene awerenge izi asafulumire.

M'kachipinda kaja mwalowa mayi wina wa mwana wakhanda, wochokera ku Kalikiliki. Sabata yatha ndinamumva akudandaula kwa alandilodi kuti mawaya oyanikira zovala a pabwalopo anamangidwa ndi munthu wopanda nzeru, ndi ofupika, matewera akukhudza dothi. Ndinapita kukaona. Ndi mawaya atatu, onse olekeza m'chiuno, onse oyambira pa msomali umodzi wa pafelemu ya chitseko. Wina ukupita ku chimbudzi, wina pamene pankakhala diramu ya madzi, wachitatu ukukathera pa mzati wa geti. Ndakhala ndikudutsa pafupi nawo tsiku ndi tsiku, ine amene ndimadzitcha wochenjera, ndipo ndinkangoona thumba lakale la ufa limene bashikulu ankapachikapo nthawi zonse.

Pansi pa waya uliwonse dothi ndi lolimba, kanjira kopapatiza ka munthu mmodzi. Mawayawo ndi akuda ndi dzimbiri m'munsi, koma pamwamba, pamene pankayenda dzanja, ndi osalala, owala ngati supuni, kuyambira pachitseko mpaka kumapeto. Wa ku geti wayamba kale kuchita mawanga. Alandilodi ati Loweruka abwera ndi pulayala awakweze.